Udindo wa Akhristu Odzipereka pa Umoyo wa Ana m'Midzi



1. MAU OYAMBA

Takumana pano kuti tikambirane za ntchito imodzi imene Mpingo umaiona kuti ndi gawo la utumiki wake. Ntchitoyi ndi yosamalira umoyo wa ana aang'ono, makamaka a m'midzi imene ili kutali ndi chipatala.

Tikamva za utumiki wa zaumoyo, ambiri a ife timaganiza za madokotala ndi anamwino ochokera kutali, amene amafika pa galimoto, napima ana kwa tsiku limodzi kapena milungu iwiri, kenaka nabwerera kwao. Anthu amenewa timawathokoza ndipo tikambapo za iwo. Koma mfundo yathu yaikulu lero ndi iyi: moyo wa mwana umapulumuka kapena kutayika pakhomo, m'masiku amene palibe dokotala kapena mlendo aliyense. Oyenera kukhala tcheru m'masiku amenewo ndife eni mudzi. Tsono tiyeni tione chifukwa chake ntchitoyi ili yofunika, zimene wodzipereka amachita, zimene sayenera kuchita, ndiponso zimene ife monga nzika tili ndi ufulu wofunsa kwa boma.

2. KODI ZINTHU ZILI BWANJI?

Kafukufuku wa boma wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa m'chaka cha 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 aliwonse obadwa amoyo m'Malawi muno, ana 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Uku nkunena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana anayi aliwonse. Akuluakulu amene muli pano mukuikumbukira nthawi imeneyo, pamene maliro a ana sankatha m'mudzi.

Zinthu zinasintha. M'chaka cha 2000 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 189, mu 2010 chinafika pa 112, ndipo kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza ana 63. Zimene zinathandiza ndi katemera, maneti oteteza ku udzudzu, mankhwala amphamvu a malungo, mankhwala oteteza mwana kuti asatenge kachirombo ka HIV kwa mayi wake, ndiponso alangizi a zaumoyo okhala m'midzi. Koma tidziwe kuti katemera sadziyendera yekha, ndipo neti siidzipachika yokha. Panali anthu amene ankayenda khomo ndi khomo kukumbutsa, kulangiza ndi kuperekeza, ambiri a iwo osalandira kanthu.

Komabe 63 si chiwerengero chokondweretsa. Ndi mwana mmodzi mwa ana 16. Mwa ana 63 amenewa, 27 ankamwalira m'mwezi woyamba chibadwire. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira chifukwa chosowa zakudya zoyenera. Matenda amene amapha ana ambiri ndi odziwika bwino: malungo, chibayo, kutsegula m'mimba ndi mavuto a pa nthawi yobadwa. Kunyentchera kumafooketsa thupi kotero kuti nthenda yaing'ono imasanduka yaikulu. Onsewa ndi matenda opeweka, ndipo ambiri amachizika ndi mankhwala osakwera mtengo.

Nanga nchifukwa chiyani ana akumwalirabe? Kawirikawiri chimapha mwana ndi kuchedwa, ndipo kuchedwaku kuli patatu. Poyamba, banja limachedwa kuzindikira kuti mwana wadwalika, kapena limachedwa kugwirizana zopita kuchipatala. Chachiwiri, limachedwa panjira chifukwa cha mtunda, mitsinje yodzaza kapena kusowa ndalama ya kabaza. Chachitatu, limachedwa kulandira chithandizo likafika kuchipatalako. Wodzipereka amalimbana ndi kuchedwa koyamba ndi kwachiwiri. Kuchedwa kwachitatu kumafuna kuti tilankhule monga nzika.

3. MPINGO SUNAYAMBE LERO NTCHITO IMENEYI

Ansembe a chipani cha Montfort atatsegula mishoni ya Nzama m'chaka cha 1901, ndipo a White Fathers atatsegula ya Mua mu 1902, sanangomanga matchalitchi ndi masukulu okha ayi. Ankatsukanso zilonda ndi kupereka mankhwala, ndipo asisteri atafika ntchitoyi inakula. Kuchokera pamenepo tili ndi zipatala monga Likuni, Mua, Nguludi, Mlambe, Namitete, Holy Family ku Phalombe, Trinity ku Muona ndi St John's ku Mzuzu. Abale athu a mipingo ina anamanganso zao monga Nkhoma, Ekwendeni, Embangweni, Malamulo ndi St Luke's ku Malosa. M'chaka cha 1966 zipatala za mipingozi zinapanga bungwe limodzi, limene lero limatchedwa CHAM, ndipo zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Ngakhale ufa wa Likuni Phala, umene ana ambiri akulira, unatenga dzina lake kumishoni ya Likuni kumene unayambira.

M'zaka za 1973 mpaka 1975, dayosizi ya Lilongwe motsogozedwa ndi Ambuye Patrick Kalilombe inachita sinodi imene inakhazikitsa miphakati, ndipo Aepiskopi a chigawo chino cha Afrika anagwirizana kuti Mpingo uzimangidwa pa timagulu timeneti. Cholinga chinali chakuti Mpingo ukhale wodzidalira, ndipo Akhristu azithandizana pamene akukhala. M'chaka cha 1978, maiko atakumana ku Alma-Ata, anagwirizananso mfundo yofanana nayo pa zaumoyo, yakuti chithandizo choyambirira chizifika pafupi ndi anthu, eni ake akutengapo mbali. Ndipo kalata ya Aepiskopi athu imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992, kuwonjezera pa nkhani za ufulu wolankhula ndi chilungamo, inadandaulanso za kuthithikana kwa odwala ndi kuchepa kwa ogwira ntchito m'zipatala.

Mu Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Marko Woyera, mutu 5, timamva kuti Ambuye Yesu ataukitsa mwana wamkazi wa Yairo, analamula a pakhomopo kuti ampatse chakudya. Chozizwitsa anachita ndi Ambuye, koma kuphika ndi kudyetsa anasiyira makolo ndi achibale. Gawo limenelo ndilo lathu kufikira lero.

4. NTCHITO ZA WODZIPEREKA

Wodzipereka ndi mayi, bambo kapena wachinyamata wa m'mudzi momwemo, wosankhidwa ndi anzake, amene waphunzitsidwa ndi a zaumoyo ndipo amayendera mabanja oyandikana naye popanda malipiro. Njira imene ikugwiritsidwa ntchito m'maboma ambiri ndi yopatsa munthu mmodzi makomo khumi kapena khumi ndi asanu. Njirayi inayambira ku Gaza m'dziko la Mozambique m'chaka cha 1995, pansi pa bungwe lachikhristu la World Relief, ndipo inafalikira m'maiko ambiri chifukwa siilemetsa munthu mmodzi. Mphakati wathu ndi woyenera kale njira imeneyi, popeza timadziwana ndipo timakumana kawirikawiri. Ntchito zake zikuluzikulu ndi izi:

(a) Kudziwa ana ndi amayi oyembekezera a m'dera lake. Wodzipereka akhale ndi kope lolembamo mwana aliyense wosakwana zaka zisanu, tsiku limene anabadwa, ndi katemera amene walandira. Alimbikitse mayi woyembekezera kuyamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba ndi kukachirira kuchipatala. Mwana akabadwa, amuyendere m'masiku oyambirira, pakuti ndi pamene ana ambiri amatayika. Khanda likakana kuyamwa, likatentha kapena kuzizira thupi, likachita chikasu, kapena mchombo ukafiira ndi kutuluka mafinya, lipite kuchipatala tsiku lomwelo.

(b) Kukumbutsa za sikelo ndi katemera. Mwana amalandira katemera akangobadwa, kenaka pa milungu 6, 10 ndi 14, ndipo wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Katemera wa chibayo anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2011, wa kutsegula m'mimba mu 2012, ndipo mu Epulo 2019 Malawi linakhala dziko loyamba pa dziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kusikelo, m'maboma ena. Amayi ambiri amasiya sikelo mwana akayamba kuyenda. Tisaiwale kuti mu Febuluwale 2022 ku Lilongwe kunapezeka mwana wodwala poliyo, patapita zaka zambiri nthendayi isakumveka. Nthenda imabwerera pamene katemera walekezedwa panjira.

(c) Kuzindikira zizindikiro zoopsa. Mwana akalephera kumwa kapena kuyamwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, kapena akalefuka kwambiri osadzuka, si nthawi yodikira kuti kuche kapena kuti atsibweni abwere. Mwana wotentha thupi akayezedwe magazi tsiku lisanathe, osangomgulira mankhwala pagolosale. Pa chibayo, wodzipereka amawerenga kapumidwe ka mwana kwa mphindi imodzi, mwanayo ali phee. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kupitirira, ndiponso wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akapuma ka 40 kapena kupitirira, ndiye kuti akupuma mothamanga ndipo afunika chithandizo. M'munsi mwa chifuwa mukamalowa m'kati pamene mwana akukoka mpweya, nthendayo yakula.

(d) Kuthandiza pa kutsegula m'mimba. Chimene chimapha mwana ndi kutha kwa madzi m'thupi. Maso akalowa m'kati, khungu likachedwa kubwerera mukalitsina, liwombo likalowa, mwanayo akufuna madzi. Mankhwala opaka paliwombo sangabwezere madzi amene atayika. Paketi ya Thanzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi aukhondo, mwana azimwetsedwa pang'onopang'ono, apitirize kuyamwa ndi kudya, ndipo alandire mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14 monga alangizira a zaumoyo.

(e) Kuyang'anira kadyedwe. M'mera mpoyamba. Masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndiwo amaumba thupi ndi nzeru za munthu. Mwana ayamwe mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, osampatsa madzi, dawale kapena mankhwala azitsamba. Pambuyo pake ayambe phala, akuyamwabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Phala la ufa woyera ndi mchere lokha limadzaza mimba koma silikulitsa mwana. Tiyenera kutsiramo nsinjiro, soya, ufa wa usipa, dzira, masamba opota kapena kamafuta, kuti magulu asanu ndi limodzi a zakudya azipezeka. Zambiri mwa izi timalima tokha, koma timagulitsa zonse pokolola.

Wodzipereka amaphunziranso kuyeza mkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka zisanu ndi kalamba ka mitundu itatu. Kakaonetsa kobiriwira, mwana ali bwino. Kakaonetsa kachikasu, ndiye kuti mkono uli pakati pa masentimita 11.5 ndi 12.5, mwana wayamba kunyentchera. Kakaonetsa kofiira, pansi pa 11.5, moyo wake uli pachiswe. Amadinikizanso pamwamba pa mapazi onse awiri ndi chala chachikulu kwa masekondi atatu, ndipo pakatsala kadzenje, mwanayo watupikana. Apa tiyenera kulankhula mosabisa. Mwana akatupa mapazi ndi masaya, tsitsi nkufiirira, ambiri timathamangira kunena kuti ndi tsempho, ndipo banja limayamba kulozana zala pamene mwana akunka nafooka. Kutupikana kotere ndi nthenda ya kuperewera kwa zakudya m'thupi, ndipo kumachizika. Kuchipatala amapereka chiponde, chimene ndi mankhwala a mwana wodwalayo. Si chakudya chogawana ndi abale ake kapena chogulitsa pamsika.

(f) Kulimbikitsa ukhondo. Khomo lililonse likhale ndi chimbudzi chovindikira, mpondagiya ndi sopo kapena phulusa, thandala ndi dzenje la zinyalala. Madzi akumwa awiritsidwe kapena kuthiridwa klorini. Mliri wa kolera umene unayamba mu Marichi 2022 ndi kupitirira mu 2023 unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Neti ipachikidwe pamene mwana amagona usiku uliwonse, isapite kudimba kapena kukagwirira nsomba.

(g) Kukonza za ulendo wa kuchipatala nthenda isanabwere. Mphakati ukhale ndi kathumba ka ndalama ka ulendo wadzidzidzi, udziwe mwini njinga kapena ngolo amene angadzutsidwe usiku, ndipo udziwe amene angatsale ndi ana ena mayi akagonekedwa ndi wodwala. Mutu umodzi susenza denga.

5. MALIRE A WODZIPEREKA

Mtima wabwino wopanda malamulo ungathe kuononga. Choncho aliyense wolowa ntchitoyi asunge mfundo izi:

Wodzipereka si dokotala. Sabaya jakisoni, sagulitsa mankhwala, sanena dzina la nthenda imene sanaphunzire. Ntchito yake ndi kuona, kulangiza ndi kutumiza msanga. Amagwira ntchito pansi pa mlangizi wa zaumoyo wa boma ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi. Kuyambira m'chaka cha 2008, alangizi ambiri a m'madera akutali ali ndi zipatala zazing'ono za m'mudzi kumene amachiza malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba kwa ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu. Tiyenera kudziwa masiku amene zimatsegulidwa.

Wodzipereka sasankha. Mwana wa Msilamu, wa mpingo wina, wa kwa Aroni, kapena wa munthu wa chipani china, ali ndi ulemu womwewo pamaso pa Mulungu. Chithandizo si nyambo yokopera anthu ku Mpingo wathu, ndipo si chida cha kampeni. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Wodzipereka amasunga chinsinsi. Polowa m'makomo adzamva za HIV, za mikangano ya m'banja ndi za umphawi umene anthu amabisa. Zimenezi si nkhani za pamjigo kapena pamtondo. Banja limodzi likamva kuti zake zaululika, makomo onse adzatsekeka.

Wodzipereka sanyoza. Mayi wa mwana wonyentchera ali kale ndi manyazi. Tikamkalipira pagulu sabweranso kusikelo. Tiyambe ndi kufunsa ndi kumvetsera. Tilemekezenso agogo ndi apongozi, pakuti m'makomo ambiri ndiwo amanena choti mwana adye ndi nthawi yopita naye kuchipatala. Iwowa akamvetsa, amakhala athandizi athu oposa onse.

Wodzipereka salekanitsa pemphero ndi mankhwala. Timapempherera mwana wodwala, inde, koma tikupita naye kuchipatala. Aliyense wouza makolo kuti asiye katemera kapena mankhwala chifukwa cha chikhulupiriro sakuphunzitsa zimene Mpingo wathu umaphunzitsa.

Wodzipereka amateteza ana. Sakhala yekha ndi mwana m'nyumba yotseka. Akaona zizindikiro za nkhanza kapena kugwiriridwa, amadziwitsa a zachitetezo cha ana kapena apolisi, ngakhale wolakwayo atakhala wachibale kapena mtsogoleri wa mu Mpingo.

6. ALENDO OBWERA KUDZATHANDIZA

Nthawi zina parishi imalandira magulu ochokera m'tauni kapena kunja kwa dziko, otumidwa ndi maparishi ao kapena mabungwe achikhristu. Akulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Akulu omwewo anatinso mlendo ndi mame. Zonse ziwiri nzoona, ndipo tiyenera kukonzekera kuti ulendo wao usiye phindu lokhalitsa.

Asanabwere, khonsolo ya parishi idziwitse ofesi ya zaumoyo ya paboma ndi mafumu. Dokotala kapena namwino wochokera kunja ayenera kulembetsa ku mabungwe oyang'anira ntchitozi m'dziko muno asanagwire wodwala, ndipo munthu amene kwao saloledwa kuchiza asaloledwenso kuno. Mankhwala amene abweretsa aonedwe ndi a kuchipatala kuti si otha ntchito. Tiwauze ife zimene zikusowa, osati kungolandira chilichonse chifukwa cha ulemu. Mwana asajambulidwe popanda chilolezo cha makolo, makamaka akudwala kapena ali wosavala. Ndipo tifunse funso ili: mwana amene mwampeza ndi vuto lero, adzamuonanso ndani mwezi wamawa? Mphatso yoposa zonse imene mlendo angasiye ndi luso m'manja mwa anthu a pano.

Chitsanzo chabwino tili nacho. Bungwe la Mary's Meals linayamba kuno ku Malawi m'chaka cha 2002 ndi ana ochepa. Ufa umagulidwa ndi thandizo la anthu akutali, koma odzuka m'mbandakucha kukatunga madzi, kusonkha moto ndi kuphika phala pasukulu ndi makolo odzipereka a m'midzi yomweyo. Tikumbukirenso kuti thandizo lakunja limatha. M'chaka cha 2025 boma la America linachepetsa kwambiri chithandizo chake ku maiko osauka, ndipo bungwe lake la USAID linatsekedwa. Ntchito zambiri za zaumoyo zinagwedezeka. Ntchito yozikika mu mphakati siimadikira kuti galimoto ya bungwe ibwere.

7. UFULU WA MWANA NDI UDINDO WA BOMA

Kudzipereka kwathu sikuchotsa udindo wa boma. Malamulo aakulu a dziko lino, mu gawo 16, amateteza ufulu wokhala ndi moyo. Gawo 23 limanena za ufulu wa ana, ndipo gawo 13 limapatsa boma udindo woyesetsa kuti anthu akhale ndi chakudya chokwanira ndi chithandizo cha zaumoyo choyenera. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana m'chaka cha 1991. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo losamalira ndi kuteteza ana, ndipo mu 2017 malamulo aakulu anasinthidwa kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18.

Tsono chithandizo cha kuchipatala cha boma si chifundo cha munthu wina. Chimachokera ku misonkho imene tonse timapereka. Kuyambira cha m'ma 2006 boma lakhala likuchita mapangano ndi zipatala zina za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa osalipira, boma nkubweza ndalamazo. Tifunse ngati chipatala chathu chili pa pangano lotere, ndipo zimene zili zaulere zilembedwe poonekera.

Wodzipereka, chifukwa cha kope lake lija, amadziwa zinthu zimene akuluakulu a paboma sadziwa. Amadziwa kuti sikelo yoyendayenda yalephereka miyezi ingati, kuti mankhwala a malungo anatha liti, kuti mjigo unaonongeka liti, ndiponso kuti mlatho uti umatsekereza odwala nthawi ya dzinja. Zimenezi zipite ku komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, ku komiti yoyang'anira chipatala, ku makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, kwa khansala ndi kwa phungu. Tipite ndi masiku ndi manambala, mwaulemu koma mopanda mantha. Amene akuba kapena kugula mankhwala a boma akuba moyo wa mwana, ndipo kukhala chete nkugwirizana naye. Nthawi ya chisankho tifunse ofuna mavoti athu zimene adzachite pa zinthu zimenezi, osati zimene atigawire lero.

8. ZOVUTA ZIMENE TIKUMANE NAZO

Vuto loyamba ndi la alawansi. Tazolowera kuti maphunziro alionse azikhala ndi envulopu, ndipo ena amalowa ntchito yodzipereka poyembekezera njinga, malaya kapena ntchito yolipidwa. Zikalephereka amagwa ulesi. Nkoyenera kuti wodzipereka abwezeredwe ndalama imene waononga paulendo, koma zimenezi zinenedwe poyera pachiyambi pomwe. Posankha anthu tisayang'ane chibale kapena kulankhula bwino pamsonkhano. Tiyang'ane munthu amene anzake amamdalira kale pa matenda ndi pamaliro.

Vuto lachiwiri ndi kutopa. Wodzipereka naye ali ndi munda, ana ndi mavuto ake. Tisaunjike maudindo onse pa mayi mmodzi amene ali kale m'kwaya, m'bungwe la amayi ndi m'komiti ya sukulu. Mphakati ungathe kumlimira tsiku limodzi, kumthokoza pa Misa, ndi kusinthana maudindo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu.

Vuto lachitatu ndi kusowa kwa abambo. Ntchitoyi yasiyidwa m'manja mwa amayi, chonsecho m'makomo ambiri bambo ndiye amasunga ndalama ndi njinga, ndiponso ndiye amanena za kugulitsa mtedza ndi soya. Bambo wonyamula mwana wake kupita naye kusikelo sanadyetsedwe mankhwala ayi, akukwaniritsa zimene analonjeza pa ukwati ndi pa ubatizo wa mwanayo. Tikupempha mabungwe a abambo ndi a achinyamata kuti apereke anthu ao.

9. MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

(i) Mu mphakati wathu muli ana angati osakwana zaka zisanu, ndipo ndi angati amene asiya sikelo?

(ii) Mwa kuchedwa kutatu kuja, ndi kuti kumene kumavuta kwambiri kwathu kuno? Tingachitepo chiyani mwezi uno?

(iii) Mwana akadwala usiku, tingadzutse yani, ndipo ndalama ya ulendo ichokera kuti?

(iv) Ndi miyambo iti imene imathandiza umoyo wa ana, ndipo ndi iti imene imachedwetsa chithandizo?

(v) Mlangizi wathu wa zaumoyo ndi a komiti ya chipatala timawadziwa? Tinawaitanapo pamsonkhano wathu?

10. MAU OTSIRIZA

Abale ndi alongo, ntchito imene takambayi siifuna digiri kapena chuma. Imafuna maso oona, miyendo yoyenda, pakamwa posunga chinsinsi ndi mtima wosasankha. Tikupempha kuti pamsonkhano ukubwerawu mphakati uliwonse usankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, upereke maina ao kwa khonsolo ya parishi, ndipo khonsoloyo ikumane ndi mlangizi wa zaumoyo kuti akonze tsiku la maphunziro. Kope loyamba ligulidwe ndi chopereka cha mphakati womwewo.

Pa ubatizo wa mwana aliyense, tonse timakondwera kuti Mpingo walandira munthu watsopano. Tiyeni tionetse kuti tinamlandiradi pomuyang'anira mpaka akule.

 Mulungu akudalitseni pamodzi ndi ana anu.